Makina a DAT Akakana Kukopera Tepi Yanu Yomwe

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi nthawi zonse. Mwalumikiza makina awiri a DAT (Digital Audio Tape, timakaseti tosunga mawu mwa dijito) ndi nthambo ya dijito, kapena mwalumikiza DAT ku makina a MiniDisc (kachimbale kakang'ono kojambulapo mawu), mwalowetsa tepi yatsopano ku mbali yolandira n'kudina batani lojambulira, koma palibe chimene chikuyenda. Pa sikirini pangotuluka mawu akuti PROHIBIT kapena COPY PROHIBIT, ndipo makina ena a MiniDisc amalemba kuti Cannot Copy. Tepi yakaleyo mukailiza payokha ikumveka bwinobwino, nthambo ndi yabwino, mahedi ndi oyera. Chopweteka mtima n'chakuti kawirikawiri zimene zili pa tepipo ndi zanu zomwe: kwaya imene munajambula nokha ndi maikolofoni, nyimbo imene munapeka ndi anzanu, kapena mawu a munthu amene anatisiya kale ndipo simudzapezanso mwayi womujambula.

Makina anu sanawonongeke. Ndikuyamba ndi mfundo imeneyi chifukwa anthu ambiri akaona mawu amenewa amasintha nthambo, amatsuka mahedi kawiri katatu, amabweza tepi kumbuyo n'kuyesanso maulendo khumi, ndipo ulendo uliwonse umafooketsa tepi imene ndi yopyapyala kale, yosakwana mamilimita 4 m'lifupi, yomwe mwina yatha zaka makumi atatu ili m'kabati. Makinawo akungomvera dongosolo lotchedwa Serial Copy Management System, mwachidule SCMS, limene anaikidwa nalo kufakitale. Mukamvetsa zimene dongosololi limawerenga ndi kumene limaziwerenga, mudzadziwa msanga ngati vuto lanu ndi limeneli kapena ndi lina longofanana nalo, komanso njira imene ingakupatseni kope lathunthu popanda kuzunza tepi.

Kumene chiletsochi chinachokera

Kampani ya Sony itatulutsa DAT mu 1987, makampani a nyimbo anachita mantha. Kaseti wamba ikakoperedwa, kope lililonse limamveka moipirapo kuposa limene lachokerako, moti pofika kope lachinayi kapena lachisanu phokoso limakhala litachuluka ndipo mawu atazilala. DAT imasunga mawu ngati manambala, choncho kope lakhumi likhoza kufanana ndendende ndi loyamba. Ku United States, bungwe la makampani a nyimbo la RIAA linaopseza kuti lidzasumira kampani iliyonse imene ingayambe kugulitsa makinawa kwa anthu wamba m'dzikolo. Kampani ya CBS inabwera ndi njira yake yotchedwa Copycode, yomwe inkadula kachigawo ka mawu pafupi ndi 3840 Hz kuti makina ojambulira akazindikira mpatawo azikana kugwira ntchito, koma mu 1988 bungwe la boma la National Bureau of Standards litaiyesa linapeza kuti imasokoneza kamvekedwe ka nyimbo ndiponso siyodalirika. Mu 1989, pa msonkhano umene unachitikira ku Athens, opanga makina ndi makampani a nyimbo anagwirizana za SCMS, ndipo makina okhala ndi dongosololi anayamba kugulitsidwa mu 1990.

Mu 1992 dziko la United States linakhazikitsa lamulo la Audio Home Recording Act, limene linakakamiza kuti makina onse ojambulira mawu a dijito ogulitsidwa kwa anthu wamba akhale ndi SCMS, ndipo linaika msonkho wopita kwa eni nyimbo wa 2 peresenti pa makina ndi 3 peresenti pa matepi opanda kanthu. N'chifukwa chake chiletso chomwechi mumachipezanso pa MiniDisc, pa DCC (kaseti ya dijito) ya Philips, ndi pa makina apanyumba ojambulira ma CD. Lamulolo linasiya malo awiri osatseka, ndipo njira zabwino zothetsera vuto lathu zimadutsa m'malo awiri amenewa. Makina opangidwira akatswiri a m'masitudiyo sanakakamizidwe kutsatira SCMS, ndipo mu 1999, pa mlandu wa pakati pa RIAA ndi kampani ya Diamond Multimedia, khoti la apilo linagamula kuti kompyuta ndi hard drive yake sizili m'gulu la zipangizo zimene lamulolo limanena.

Zimene makina amawerenga asanakane

SCMS simawerenga kuchuluka kwa makope amene mwapanga. Imangofunsa funso limodzi: kodi chimene chikubwera pa nthamboyi ndi choyambirira, kapena ndi kope kale? Tingayerekeze ndi mayi ndi ana ake. Tepi yoyambirira ndi mayi, ndipo imaloledwa kubereka ana ochuluka mmene mungafunire, khumi kapena zana, koma mwana aliyense saloledwa kubereka mdzukulu kudzera pa dijito. Ambiri amene amakumana ndi vutoli amakhala atagwira mwana m'manja akuganiza kuti ndi mayi.

Pa tepi ya DAT, yankho la funsoli limasungidwa m'mabiti awiri otchedwa ID6 (biti ndi nambala imodzi imene imakhala 0 kapena 1). Akakhala 00, tepiyo ingakoperedwe mibadwo yonse popanda malire. Akakhala 11, m'badwo umodzi wokha ndi wololedwa, ndipo kope limene lituluke lidzalembedwa 10. Akakhala 10, makina apanyumba amakana. Mukajambula ndi maikolofoni kapena kudzera polowera pa analogi, makina okhala ndi SCMS sadziwa kuti mawuwo ndi a yani, motero amalemba 11 pa tepi yanu osakufunsani. Mukapanga kope la dijito lopatsa mnzanu, kopelo limakhala 10, ndipo ngati patapita zaka tepi yoyambirira yasowa n'kutsala kope lomweli, mumapezeka kuti mwatsekeredwa kunja kwa ntchito ya manja anu. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene dongosololi linalakwira anthu kwambiri, chifukwa amene ankafuna kuba nyimbo kuti azigulitsa ankatha kugula makina a akatswiri, pamene woimba wongoyamba kumene ndi munthu wosunga mbiri ya banja lake ndiwo ankagundika pa chitseko chotseka.

Pali zinthu ziwiri zokhudza ID6 zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, mabiti amenewa sanalembedwe kamodzi kumayambiriro kwa tepi ayi, koma amayenda limodzi ndi mawu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tepi imodzi ikhoza kukhala ndi chigawo cha 11 ndi chigawo china cha 10, makamaka ngati inasonkhanitsidwa kuchokera m'malo osiyanasiyana, ndipo ichi n'chifukwa chake nthawi zina kukopera kumayamba bwino n'kudzaima pakati, pamalo omwewo ulendo uliwonse. Chachiwiri, ID6 imakhala m'chigawo cha tepi chomwe muli mawu enieniwo, osati m'chigawo cha m'mbali mmene mumakhala ma Start ID, zizindikiro za poyambira nyimbo iliyonse. Mukhoza kufufuta ndi kulembanso Start ID mawu osakhudzidwa, koma simungasinthe ID6 pa tepi yomwe ilipo kale popanda kujambulanso pamwamba pake. Musataye nthawi kufufuza batani lochitira zimenezi.

Pa nthambo, uthengawu umayenda m'njira ina. S/PDIF, njira imene makina apanyumba amatumizirana mawu a dijito, yomwe malamulo ake ali mu IEC 60958, imatumiza limodzi ndi mawu mndandanda wa mabiti 192 ofotokoza za mawuwo. Powerenga kuyambira pa 0, biti 0 imanena ngati uthengawo ndi wa makina apanyumba kapena wa akatswiri, biti 2 imanena ngati mawuwo ali ndi mwini wake amene akuteteza umwini, mabiti 8 mpaka 14 amanena mtundu wa makina amene akutumiza, ndipo biti 15, yotchedwa L, imanena ngati ndi choyambirira kapena kope. Makina olandira amaphatikiza zitatu zomalizazi n'kusankha zochita. Tanthauzo la biti L limatembenuka pa mitundu ina ya makina, kuphatikizapo CD, ndipo pa ma CD ojambulidwa ndi makina apanyumba, chizindikiro chakuti ndi kope chimatumizidwa mwa kuchititsa biti 2 kusinthasintha maulendo apakati pa 4 ndi 10 pa sekondi. Izi zikufotokoza chifukwa chake CD yogula m'sitolo imalola kujambulidwa pa DAT, pamene kope lake lopangidwa ndi makina apanyumba limakanidwa ngakhale nyimbo zake ndi zomwezo.

Tsimikizani kaye kuti vuto ndi limeneli

Si kukana konse kumene kumachokera ku SCMS, ndipo ndi bwino kupatula zifukwa zina musanayambe kufunafuna makina obwereka. Pa mayeso onsewa gwiritsani ntchito tepi imene mulibe nayo ntchito, osati yamtengo wapataliyo.

Yambani ndi kaseti yolandira. Kumbuyo kwake kuli kachitseko kakang'ono kokankha, ndipo kabowo kake kakakhala kotsegula, makina sajambula chilichonse, kaya cha dijito kaya cha analogi. Kenako onani mawu enieni amene ali pa sikirini. Mawu akuti UNLOCK, kapena Din Unlock pa MiniDisc, akutanthauza kuti makina olandira sakumva kugunda kwa uthenga wa dijito, ndipo limeneli ndi vuto la kulumikiza, osati la chiletso. Onani ngati swichi yosankhira polowera yaloza pa coaxial pamene inu mwalumikiza optical. Onani ngati kumapeto kwa nthambo ya optical, yotchedwa Toslink, kukuoneka kuwala kofiira makina otumiza akayatsidwa, ndiponso ngati munachotsa timapulasitiki toteteza nsonga zake. Nthambo ya coaxial iyenera kukhala ya 75 ohm, ndipo ngati mulibe yogulitsidwira ntchito imeneyi, nthambo ya vidiyo ya mutu wachikasu imagwira bwino kuposa nthambo wamba yofiira ndi yoyera.

Chifukwa china ndi liwiro limene mawu anajambulidwira. DAT imajambula pa 48 kHz, 44.1 kHz kapena 32 kHz, pamene MiniDisc ndi CD zimasunga pa 44.1 kHz pokha. Makina a MiniDisc akale amene alibe chosinthira liwiro m'kati mwake amakana tepi ya 48 kHz ngakhale ID6 yake itakhala 00. Makina a DAT apanyumba oyambirira, amene anapangidwa SCMS isanabwere, anatsekedwa dala kuti asamajambule 44.1 kHz kudzera pa dijito, n'cholinga choti asamakopere ma CD, ndipo makina oterewa adzakana tepi yanu ya 44.1 kHz pa chifukwa chimenechi chokha.

Chinanso chimachitika mukatenga mawu kuchokera potulukira pa AES/EBU, njira ya dijito ya makina a akatswiri, pa pulagi ya XLR ya 110 ohm, n'kuwalowetsa m'makina apanyumba kudzera pa kachipangizo kongosintha pulagi. Kachipangizo koteroko kamasintha mphamvu ya magetsi ndi maonekedwe a pulagi, koma biti 0 imanenabe kuti uthengawu ndi wa akatswiri, ndipo makina ambiri apanyumba akaona zimenezo amakana.

Mayeso amene amathetsa kukayika konse ndi awa. Jambulani masekondi ochepa kudzera pa analogi pa tepi yoyesera, ndipo muyese kukopera chigawo chimenecho kudzera pa nthambo yomweyo ya dijito, osasintha china chilichonse. Chikalola, ndiye kuti nthambo, swichi ndi makina onse awiri ali bwino. Ngati tepi yoyesera ndi tepi yovutayo zili pa liwiro limodzi koma yovutayo ikukanidwabe, mwapeza kuti ID6 yake ndi 10. Makina ena a akatswiri amaonetsa nambala ya ID6 pa sikirini, ndipo kabuku ka malangizo kamanena batani loyenera kudina.

Njira zopezera kope lathunthu

Zimene ndikufotokoza pano ndi za mawu amene ndi anu, kapena amene mwini wake wakulolani kukopera. Chiletso cha makina ndi ufulu wa mwini nyimbo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kupeza njira yodutsira choyambacho sikuchotsa chachiwiricho.

Njira yosavuta kuposa zonse, yomwenso anthu amaiiwala, ndiyo kubwerera kwa mayi. Ngati tepi yoyambirira ilipo penapake, kwa mnzanu amene munkaimba naye kapena m'bokosi la m'situdiyo, itengeni ndi kupanga kope kuchokera pamenepo, chifukwa SCMS ilibe malire pa makope a m'badwo woyamba. Palinso phindu lina pochita zimenezi. Ngati pa kukopera koyamba kuja panali malo amene tepi sinawerengeke bwino ndipo makina anangoyerekeza manambala osowawo, cholakwikacho chinakhazikika m'kope mpaka kalekale, pamene tepi yoyambirira ikhoza kuwerengeka bwino pa makina ena.

Ngati mayi kulibe, njira imene ndimalimbikitsa ndi mtima wonse ndi ya kompyuta, ndipo ndimailimbikitsa ngakhale kwa amene tepi yawo siyoletsedwa. Sony inasiya kupanga makina a DAT mu 2005, zitsulo zosinthira zikusowa, ndipo kukopera tepi yakale pa tepi ina kumangosamutsa vuto kupita nalo zaka zochepa kutsogolo. Chimene mukufunika ndi khadi la mawu kapena kabokosi ka USB kokhala ndi polowera pa S/PDIF, pa coaxial kapena pa optical malinga ndi makina anu. Zipangizo zambiri zoterezi sizilabadira biti 2 kapena biti L pojambula, zimangolandira manambala n'kuwapereka ku pulogalamu. Ngati makina anu ndi aang'ono onyamula m'manja, monga Sony TCD-D7 kapena TCD-D8, mudzafunika nthambo yapadera yolowa pa pulagi yawo ya mapini 7, ndipo popeza nthambo zimenezi zikusowa, nthawi zina n'kwapafupi kubwereka makina aakulu okhala ndi potulukira pa coaxial.

Pa njira imeneyi, zolakwika zambiri zimachokera pa nkhani ya wotchi. Makina a DAT ndi khadi la mawu, chilichonse chili ndi wotchi yake yowerengera nthawi, ndipo mawotchi awiri safanana ndendende ngakhale onse atalembedwa 48 kHz. Muyenera kulowa m'pulogalamu yoyendetsera khadi ndi kusankha kuti lizitsatira wotchi yochokera kunja, ya S/PDIF, osati yake. Mukapanda kutero mudzamva kuthetheka kwakung'ono kobwera pakapita masekondi angapo, ndipo ambiri amanamizira tepi pamene cholakwa chili pa kompyuta. Liwiro la fayilo lifanane ndi la tepi: tepi ya 48 kHz ijambulidwe pa 48 kHz, ya 44.1 kHz pa 44.1 kHz. Ngati khadi lanu lili ndi dalaivala ya ASIO pa Windows, gwiritsani ntchito imeneyo kuti kompyuta isasinthe liwiro mwakachetechete inu osadziwa. Sungani fayilo ya WAV, musakweze kapena kutsitsa voliyumu pojambula, ndipo zokonza zonse mudzazichite pa kope la fayiloyo, osati pa fayilo yoyamba.

Yang'anirani sikirini ya DAT pamene tepi ikuyenda, chifukwa tepi imodzi ikhoza kukhala ndi zigawo za maliwiro osiyana. Liwiro likasintha pakati, imitsani, sinthani pa kompyuta, n'kuyamba fayilo ina, apo ayi chigawo chotsatiracho chidzamveka chothamanga kapena chochedwa. Matepi ojambulidwa pa long play, omwe ndi a 32 kHz ndi mabiti 12, amavutanso mwa njira yawoyawo, popeza makadi ena salandira 32 kHz pa S/PDIF, ndipo ndi bwino kufufuza zimenezi musanagule khadi. Kujambula kumatenga nthawi yofanana ndi kutalika kwa tepi, moti tepi ya maola awiri imafuna maola awiri mutakhala pomwepo mukumvetsera. Kumvetserako sikutaya nthawi, chifukwa ndi pamene mungalembe malo amene mawu aduka kapena kuthetheka.

Pali zinthu ziwiri zimene sizilowa m'fayilo ya WAV, ndipo muyenera kuzilemba papepala. Choyamba ndi ma Start ID, amene amasonyeza poyambira nyimbo iliyonse, choncho lembani nthawi zake kuchokera pa sikirini kuti mudzathe kugawa fayilo moyenera. Chachiwiri ndi emphasis. Makina ena akale ankakweza mawu apamwamba pojambula n'kuika chizindikiro pa tepi kuti poliza atsitsidwenso, ndipo chizindikirocho chimatayika mawu akalowa m'kompyuta. Mukaona mawu akuti EMPHASIS atayaka pa sikirini ya DAT, dziwani kuti fayilo yanu idzamveka yakuthwa mopitirira muyeso mpaka mutaidutsitsa mu sefa ya de-emphasis ya 50/15 microseconds, imene imapezeka m'mapulogalamu monga SoX.

Ngati mukufunadi kope la pa tepi, gwiritsani ntchito makina a akatswiri ku mbali yolandira, popeza amene amakana ndi makina ojambula, osati oliza. Makina monga Panasonic SV-3700 ndi SV-3800, Tascam DA-30, kapena Sony PCM-R500 ali ndi AES/EBU, ndipo AES/EBU ilibe n'komwe malo onyamulira mabiti a SCMS. Makina awiri otere akalumikizidwa ndi XLR, funso la m'badwo silifunsidwa. Chenjezo ndi lakuti makina ena a akatswiri amatsatirabe SCMS mukalowetsa mawu kudzera pa coaxial, ndipo ena amafuna kuti musinthe timaswichi takumbuyo kapena zosankha za m'menyu, choncho werengani kabuku kake musanayambe. Ambiri amakulolaninso kusankha ID6 imene ilembedwe pa tepi yatsopano, ndipo pa mawu anu sankhani 00. Dziwaninso kuti ma Start ID kawirikawiri sadutsa pa AES/EBU, ndipo mudzafunika kuwaikanso ndi manja mukamaliza.

M'zaka za m'ma 1990 kunali timabokosi toikidwa pakati pa nthambo tomwe tinkasintha biti 2 ndi biti L, ndipo zipangizo zina za m'masitudiyo zosinthira liwiro kapena mtundu wa uthenga zimachitanso zimenezi monga mbali ya ntchito yake. Ku United States, lamulo la 1992 lija limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja kapena kugulitsa chipangizo chimene cholinga chake chachikulu ndi kuzemba SCMS, ndipo mayiko ena ali ndi malamulo awoawo. Popeza kompyuta imachita ntchito yomweyo popanda chikaiko chimenechi, sindikuona chifukwa chosakira timabokosi timeneti lero. Ngati muli nacho kale chosinthira liwiro ndipo mukufuna kuchigwiritsa ntchito, onetsetsani kuti mbali yosintha liwiroyo yazimitsidwa, chifukwa ikakhala yoyaka imawerengeranso manambala onse ndipo kope silikhalanso lofanana ndendende ndi tepi.

Njira yomaliza ndi ya analogi: kutulutsa mawu pa LINE OUT ya makina oliza n'kuwalowetsa pa LINE IN ya makina ojambula. SCMS ilibe mphamvu pa njira imeneyi. Anthu ena amainyoza kwambiri, koma kunena zoona, pa makina abwino ulendo umodzi wa analogi umangowonjezera phokoso lochepa zedi limene makutu ambiri sangalimve, ndipo kope lotere ndi labwino kuposa kukhala opanda kope tepi ikadzaduka. Chofunika ndi kusamala mlingo wojambulira: pezani malo ofuula kwambiri pa tepi, ikani mlingo kuti mita ifike pafupi ndi 0 dB koma isayatse OVER, ndipo musaukhudzenso mpaka kumapeto. Makina apanyumba adzalemba 11 pa tepi yatsopanoyo, kutanthauza kuti yasanduka mayi watsopano wotha kubereka m'badwo umodzi wa dijito.

Kompyuta ikamatumiza, makina n'kukana

Vutoli limaonekanso mobwerera, pamene mwakonza mawu pa kompyuta ndipo mukufuna kuwabwezera pa DAT kapena pa MiniDisc. Fayilo ya WAV ilibe ID6, choncho mabiti amene akutuluka pa S/PDIF amasankhidwa ndi khadi la mawu kapena dalaivala yake, ndipo makadi ena amatumiza uthenga wonena kuti mawuwo ndi otetezedwa ndiponso ndi kope. Tsegulani pulogalamu yoyendetsera khadi, pezani zosankha za S/PDIF, sankhani consumer m'malo mwa professional, ndipo muike zokhudza kukopera pa chololeza. Pa Linux, kapulogalamu ka iecset kamene kamabwera ndi zida za ALSA kamaonetsa mabiti onsewa ndi kukulolani kusintha copyright, original ndi category. Onetsetsaninso kuti biti yonena kuti uthengawu ndi mawu wamba ili bwino, chifukwa khadi limene linagwiritsidwa ntchito potumiza Dolby Digital likhoza kutsala likunena kuti zimene likutumiza si mawu, ndipo makina ojambula amangokhala chete.

Kuti vutoli lisabwerenso

Pa tepi iliyonse imene yadutsa m'manja mwanu, lembani pa chikuto chake ngati ndi yoyambirira kapena kope, liwiro lake, ID6 yake ngati mwaidziwa, tsiku limene munaisamutsira pa kompyuta, ndi dzina la fayilo. Mukafuna makope angapo pa makina apanyumba, apangeni onse kuchokera pa tepi yoyambirira kapena pa fayilo, osati kope kuchokera pa kope linzake. Fayiloyo isungidwe m'malo osachepera awiri osiyana. Tepi imene yachokera pamalo ozizira isalowe m'makina nthawi yomweyo, chifukwa chinyezi chimachititsa kuti imatirire pa dramu ya mahedi imene imazungulira maulendo 2000 pa mphindi, ndipo makina akaonetsa chenjezo la chinyezi, tulutsani kaseti ndi kuwasiya oyaka kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Ndipo musanalowetse tepi yoyambirira m'makina alionse, kankhani kachitseko kake kuti kabowo katseguke, chifukwa pamene makina awiri ofanana ali pa tebulo limodzi, n'kosavuta kuika tepi yamtengo wapataliyo ku mbali yojambula.